Agile Pakati pa Opanga Mapulogalamu: Komwe Idachokera ndi Pomwe Imakanikira Kuno Kwathu

M'zaka zaposachedwa, mawu akuti agile (njira yopangira mapulogalamu m'tizigawo tatifupi), sprint (nyengo yaifupi ya ntchito) ndi standup (msonkhano wa m'mawa wochita chiimirire) afika pomveka pafupifupi paliponse pamene anthu akulemba mapulogalamu a pakompyuta mumzinda wa Blantyre, kuyambira m'nthambi za mabanki ndi makampani a mafoni mpaka m'timagulu ta achinyamata amene angomaliza kumene maphunziro ku MUBAS kapena ku MUST ndipo akuyesa kudziimira paokha. Si zachilendonso kuona bolodi lodzaza ndi timapepala tamitundumitundu pakhoma la ofesi. Koma funso lofunika kwambiri limafunsidwa mwa apo ndi apo: kodi chiyambireni misonkhano ya m'mawa yochita chiimirire, pulogalamu ikufika msanga m'manja mwa oigwiritsa ntchito, ndipo ikuwathandiza kuposa kale? Magulu ambiri sangayankhe kuti inde, ndipo chifukwa chake n'chakuti adatenga miyambo ya agile n'kusiya mtima wake. Mtima wake ndi kufupikitsa nthawi imene imadutsa kuchokera pamene gulu lapanga chinthu kufikira pamene lamva kwa mwini wake ngati chinthucho chili cholondola, komanso kukhala ndi ufulu wosintha ntchito molingana ndi zimene lamvazo. Msonkhano uliwonse umene suthandiza pa zimenezi ukungodya nthawi ya anthu.

Njira imene idalipo kale, imene ambiri amaitcha waterfall, imayenda motsatana gawo ndi gawo. Poyamba zofuna zonse za kasitomala zimalembedwa m'chikalata chachikulu n'kusainidwa, kenako akatswiri amajambula kamangidwe ka pulogalamu yonse, olemba code (malangizo amene kompyuta imatsatira) amalemba kwa miyezi yambiri, oyesa amayesa chakumapeto, ndipo pomaliza kasitomala amapatsidwa chinthu chathunthu. Winston Royce, amene nkhani yake ya mu 1970 imatchulidwa kawirikawiri ngati chiyambi cha njirayi, adachenjeza m'nkhani yomweyo kuti kuitsatira mwanjira imeneyi n'koopsa, popeza kuyesa kumabwera pamene nthawi ndi ndalama zatsala pang'ono kutha. Chenjezo lakelo lidaiwalika, chithunzi chake cha masitepe n'chimene chidafala. Chitsanzo chodziwika bwino cha zotsatira zake ndi cha bungwe la FBI ku America, limene mu 2005 lidataya pulogalamu yosungira mafayilo a milandu yotchedwa Virtual Case File litawonongapo ndalama pafupifupi madola 170 miliyoni. Pulogalamu yolowa m'malo mwake, Sentinel, nayonso idayamba kuchedwa, ndipo idatha mu 2012 bungwelo litaitenga n'kuipereka ku gulu laling'ono logwira ntchito m'tizigawo tatifupi.

Vuto silili pa ulesi kapena umbuli wa anthu ayi. Vuto n'lakuti munthu wofuna pulogalamu sadziwa bwinobwino chimene akufuna mpaka ataiona ikugwira ntchito. Telala wanzeru wa ku Limbe sasoka suti mpaka kumaliza asanaitane mwini wake kuti adzayese, chifukwa akudziwa kuti miyeso ya patepi sinena zonse, ndipo kusomola ulusi wongolumikiza n'kosavuta kusiyana ndi kuphwasula chovala chomaliza. Pa mapulogalamu zili chimodzimodzi, kungoti kumeneko zofuna za mwini wake zimasinthanso ntchito ili mkati, pamene lamulo latsopano latuluka, mitengo yakwera, kapena wopikisana naye pamalonda watulutsa chinthu china.

Maganizo amenewa adakula pang'onopang'ono. Mu 1986 Hirotaka Takeuchi ndi Ikujiro Nonaka adalemba m'magazini ya Harvard Business Review za makampani ngati Honda ndi Canon amene ankapanga zinthu zatsopano ndi magulu ang'onoang'ono a anthu a maluso osiyanasiyana ogwira ntchito limodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland adatengapo nzeru n'kufotokoza poyera mu 1995 njira yawo ya kagwiridwe ka ntchito yotchedwa Scrum, ndipo chaka chotsatira Kent Beck adayamba kukhwimitsa njira ya Extreme Programming pa ntchito yokonza pulogalamu ya malipiro ku kampani ya Chrysler. Mu February 2001, anthu 17 a maganizo otere adakumana ku Snowbird m'chigawo cha Utah n'kulemba chikalata chachifupi chotchedwa Agile Manifesto, chokhala ndi mfundo zikuluzikulu zinayi ndi mfundo zina 12 zozifotokozera. Iwo adati amaika patsogolo anthu ndi kulankhulana kwawo kuposa ndondomeko ndi zida, pulogalamu yogwira ntchito kuposa mulu wa zikalata, kugwirira limodzi ndi kasitomala kuposa kukokanakokana pa kontirakiti, ndiponso kulandira kusintha kuposa kukakamira pulani.

Pali chiganizo chimodzi m'chikalatacho chimene chimadumphidwa kawirikawiri, chonena kuti zinthu zachiwirizo nazonso zili ndi phindu lake. Amene amati agile idathetsa kulemba zikalata ndi kukonza mapulani sadawerenge mpaka pamenepo. Gulu logwira ntchito m'banki yoyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi silingathawe kulemba zimene lasintha m'pulogalamu, amene wavomereza ndi tsiku lake, chifukwa owerengera chuma adzazifuna. Chimene agile imakana ndi chikalata cholembedwa pofuna kungoonetsa kuti ntchito ikuyenda pamene palibe chilichonse chimene munthu angatsegule n'kugwiritsa ntchito.

Scrum ndiyo njira yofala kwambiri, ndipo malamulo ake, monga alili mu Scrum Guide ya mu 2020, ndi ochepa. Gulu limakhala la anthu 10 kapena kucheperapo. Ntchito imagawidwa m'nyengo zofanana zosapitirira mwezi umodzi zotchedwa sprint, ndipo magulu ambiri amasankha masabata awiri. Zonse zofunika kupangidwa zimakhala pamndandanda umodzi, backlog, wosanjidwa kuyambira chofunika kwambiri, ndipo amene ali ndi mawu omaliza pa kasanjidweko ndi munthu mmodzi, Product Owner. Poyamba pa sprint gulu limagwirizana cholinga chake, tsiku lililonse limakumana kwa mphindi 15, ndipo pamapeto limaonetsa zimene lapanga kwa eni ntchito, kenako limakhala palokha kuunika kagwiridwe kake ka ntchito. Scrum Master si kapitawo wa gululo, koma ndi munthu wothandiza kuti njirayi imveke ndi kuti zopinga zichotsedwe.

Tiyerekeze kuti gulu la anthu asanu lapatsidwa ntchito yopangira SACCO ya aphunzitsi njira yoti mamembala azionera ndalama zawo, kubweza ngongole ndi kupempha ngongole yatsopano pafoni. M'njira yakale, miyezi iwiri yoyamba ikadathera pa kulemba zofuna. M'njira ya agile, gululo lingasankhe kuti m'masabata awiri oyamba lipange chinthu chimodzi chokha chaching'ono koma chathunthu: membala aimbe nambala ya USSD (ija yoyamba ndi * n'kuthera ndi #) pafoni yake ya mabatani n'kuona ndalama zimene wasunga. Chikaperekedwa kwa mamembala owerengeka, zinthu zimene sizikadalembedwa m'chikalata chilichonse zimayamba kuonekera. Mwina mndandanda wa zosankha ndi wautali moti foni ikuduka munthu asanamalize kuwerenga. Mwina ambiri akufuna mawu a Chichewa. Mwinanso msungichuma akunena kuti chimene chikumusowetsa tulo si kuona ndalama, koma kulondoloza malipiro obwera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba opanda nambala ya membala. Mfundo yomalizayi ingasinthe kasanjidwe konse ka backlog, ndipo yamveka pasanathe mwezi m'malo momveka patatha chaka.

Chitsanzochi chikuonetsanso pamene magulu ambiri amapunthwa koyamba. Kugawa ntchito kuti sprint yoyamba ikhale ya database (nkhokwe yosungiramo zambiri za pulogalamu) yokha, yachiwiri ya seva (kompyuta imene pulogalamu imayenderapo), yachitatu ya maonekedwe, ndi waterfall yomweyo yongodulidwa m'masabata awiriawiri, popeza palibe chimene wogwiritsa ntchito angayese mpaka zonse zitatha. Kagawo kalikonse kayenera kudutsa m'magawo onse a pulogalamu, ngakhale katakhala kakang'ono chotani. Gulu liyeneranso kugwirizana tanthauzo la kutha kwa ntchito, n'kulilemba poonekera: kodi chinthu chatha pamene wolemba code wanena kuti wamaliza pa laputopu yake, kapena pamene mnzake waiwerenga, mayeso adutsa, ndipo chaikidwa pa seva imene kasitomala angafikepo? Magulu amene sadagwirizane zimenezi amakhala ndi ntchito zambiri zimene akuti zatsala pang'ono, ndipo pang'onopo pamatenga miyezi.

Chopunthwitsa chachiwiri ndi Product Owner wopanda mphamvu kapena wopanda nthawi. M'mabungwe athu udindowu umapatsidwa kawirikawiri kwa munthu amene ayenera kukafunsa kaye kwa akuluakulu atatu asanayankhe funso laling'ono, kapena kwa bwana wamkulu amene sabata yonse ali kumisonkhano ku Lilongwe kapena ku Mangochi. Funso limene likadayankhidwa m'mphindi zisanu limadikira masiku khumi, ndipo gulu limangopeka yankho kuti ntchito isaime. Ine ndimaona kuti bungwe limene silingathe kupereka munthu mmodzi wodziwa ntchito, wopezeka sabata iliyonse ndi wololedwa kunena kuti ichi chiyambe, icho chidikire, silinakonzeke kuyamba Scrum, ngakhale litatumiza antchito onse kukatenga masatifiketi.

Msonkhano wa tsiku ndi tsiku nawo umasanduka msanga malo operekera lipoti kwa bwana, aliyense akutchula zimene wachita dzulo kuti asaoneke waulesi, ena onse osamvera n'komwe. Ntchito yake yeniyeni ndi yakuti olemba pulogalamu aone ngati akuyandikira cholinga cha sprint ndi kuti amene wakodwa apeze womuthandiza lero lomwe. Pamene ena akugwirira ntchito kunyumba ndipo magetsi kapena netiweki si yodalirika, uthenga wachidule wolembedwa pa Slack kapena pa WhatsApp nthawi yoikika ungachite zomwezo popanda kutha bandulo pa vidiyo.

Mbali imene imanyalanyazidwa kwambiri, komanso imene ndimaiona kuti ndiyo yolemera kuposa zonse, ndi ya ukatswiri wa kalembedwe ka pulogalamu. Scrum sinena chilichonse za mmene code ilembedwere, ndipo apa ndi pamene Extreme Programming imathandiza. Gulu lofuna kusintha pulogalamu masabata awiri aliwonse liyenera kukhala ndi mayeso odziyendera okha, olembedwa ngati code, amene amathamanga nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu n'kuonetsa ngati chinthu chakale chathyoka. Liyenera kuphatikiza ntchito ya aliyense pamalo amodzi, monga pa Git (chida chosungira code ndi zosintha zake), kamodzi kapena kangapo patsiku, m'malo moti aliyense asunge zake kwa masabata atatu kenako n'kulimbana ndi kuzilumikiza usiku wa tsiku lomaliza. Liyeneranso kumakonza kamangidwe ka code pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina anthu awiri azikhala pakompyuta imodzi, makamaka wodziwa ndi wophunzira, kuti nzeru zisakhale m'mutu mwa munthu mmodzi amene mawa angapeze ntchito ku Johannesburg kapena ya pa intaneti yolipira madola.

Ward Cunningham, mmodzi mwa 17 aja, adafotokoza mu 1992 kuti code yolembedwa mothamanga ili ngati ngongole: imakuthandiza kufika msanga, koma tsiku lililonse limene sunaikonze umalipira chiwongoladzanja mwa kuchedwa kwa ntchito iliyonse yatsopano. Martin Fowler, mnzake wa ku Snowbird, adachenjeza mu 2009 za magulu amene amatenga misonkhano ya Scrum n'kusiya ukatswiri umenewu, ndipo patapita nthawi amapezeka akuyenda pang'onopang'ono chifukwa code yawo yasokonekera. Kuyesa pulogalamu yonse ndi manja kumatheka pa sprint yachiwiri, koma pofika ya khumi ndi chisanu sikungathekenso m'masabata awiri, ndipo gulu limayamba kudumpha mayeso kapena kutalikitsa sprint.

Si gulu lililonse limene Scrum ingaliyenere. Nthambi ya zamakompyuta ya banki kapena ya kampani ya inshuwalansi, imene tsiku lililonse imalandira madandaulo adzidzidzi, singalonjeze ntchito ya masabata awiri popanda kusokonezedwa. Kwa otere Kanban ndiyo yabwino. Njirayi idachokera ku mafakitale a Toyota pansi pa Taiichi Ohno, ndipo David Anderson adayamba kuigwiritsa ntchito pa mapulogalamu ku Microsoft mu 2004. Ntchito zonse zimaikidwa pa bolodi poonekera, kaya la pakhoma kaya la pakompyuta monga la Trello kapena Jira, ndipo lamulo lake lalikulu ndi kuika malire pa chiwerengero cha ntchito zoyambidwa nthawi imodzi. Masamu ake, odziwika ndi dzina la John Little amene adawatsimikiza mu 1961, ndi osavuta. Ngati gulu limamaliza ntchito zitatu pasabata ndipo lili ndi ntchito 12 zoyambidwa, ntchito iliyonse imatenga pafupifupi masabata anayi kuti ituluke. Likachepetsa zoyambidwa kufika pa zisanu ndi imodzi, anthu omwewo, ogwira ntchito mwamphamvu zomwezo, amatulutsa ntchito iliyonse m'masabata awiri. Chovuta si masamuwo, koma kulimba mtima kouza mkulu wa nthambi ina kuti pempho lake lidikire mpaka malo atapezeka pa bolodi.

Palinso chopinga chimene gulu palokha silingachichotse, ndicho kagulidwe ka ntchito. Ntchito zambiri zikuluzikulu za mapulogalamu m'dziko muno zimabwera kudzera m'matenda a boma, a mabungwe othandiza kapena a makampani akuluakulu, ndipo tenda imafuna kuti zofunika zonse, mtengo ndi tsiku lomaliza zidziwike ntchito isanayambe. Pali zifukwa zomveka, chifukwa ndalama za anthu ziyenera kutetezedwa. Koma kontirakiti yomanga zinthu zitatu zonsezi pamodzi imachititsa kuti nzeru iliyonse yatsopano ikhale mkangano wa ndani alipire. Kugwa kwa kwacha kumawonjezera ululu: kampani imene idasaina mtengo wosasinthika mu October 2023 idadzuka mu November ndalama itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamene maseva a pa intaneti ndi malayisensi amalipiridwa m'madola. Njira yapakati ilipo. Mbali ziwirizo zingagwirizane bajeti ndi nthawi, n'kulemba kuti kasitomala ali ndi ufulu wochotsa chinthu chimene sichinayambidwe n'kuikapo china cha kukula kofanana, ndipo malipiro azitsatira tizigawo togwira ntchito tolandiridwa m'malo motsatira zikalata zoperekedwa. Kontirakiti yaifupi ya gawo loyamba, yotsatiridwa ndi ina ntchito ikaoneka, imateteza onse awiri kuposa kontirakiti imodzi ya zaka ziwiri.

Kuwongolera kagwiridwe ka ntchito kumachitikira pa msonkhano wounikira, umene ambiri amangoutcha retro, ndipo apa chikhalidwe chathu chiyenera kuganiziridwa mofatsa. Tidaleredwa kulemekeza akulu ndi kusatsutsa munthu pagulu, ndipo ulemu umenewu ndi chuma. Koma mnyamata kapena mtsikana amene wangoyamba ntchito, akafunsidwa pamaso pa abwana ake kuti chalakwika n'chiyani, adzayankha kuti zonse zili bwino, ngakhale akudziwa kuti pulani ya sabata ino singatheke. Amy Edmondson wa ku Harvard adaonetsa m'kafukufuku wake wa mu 1999 kuti magulu amene anthu ake amamasuka kufunsa ndi kuvomera zolakwa popanda kuopa kunyozedwa ndiwo amaphunzira bwino, ndipo kampani ya Google itafufuza magulu ake idapezanso kuti kumasuka kumeneku ndiko kudali patsogolo pa zonse. Kumasukako sikubwera ndi kulengeza. Kumathandizidwa ndi zinthu zooneka zazing'ono: aliyense alembe maganizo ake pakapepala kopanda dzina asanayambe kukambirana, wamng'ono ayambe kulankhula wamkulu asananene zake, amene amasaina za malipiro ndi kukwezedwa pantchito asakhalepo nthawi zonse, ndipo funso likhale lakuti n'chiyani m'kagwiridwe kathu chidalola kuti cholakwikachi chidutse, osati ndani walakwa. Anthu azilankhulanso m'chilankhulo chimene amamasuka nacho, popeza dandaulo lenileni limatuluka bwino m'Chichewa kusiyana ndi m'Chingerezi cha muofesi. Retro iliyonse itulutse chinthu chimodzi choti chisinthidwe, chokhala ndi mwini wake, ndipo retro yotsatira iyambe ndi kufunsa ngati chidachitika. Mndandanda wa madandaulo khumi osatsatiridwa umaphunzitsa anthu kuti kulankhula n'kutaya nthawi.

Nanga gulu lingadziwe bwanji kuti likupita patsogolo? Ambiri amayang'ana velocity, kutanthauza chiwerengero cha mapointi a ntchito zimene zatha pa sprint. Mapointiwo ndi ongoyerekeza, opangidwa ndi gulu lomwelo kuti lidziwe kuchuluka kwa ntchito imene lingasenze, ndipo akuluakulu akangoyamba kuwagwiritsa ntchito poyerekeza magulu kapena popereka mabonasi, ntchito imene dzulo idali ya mapointi atatu imasanduka ya asanu popanda chilichonse kusintha. Miyeso yodalirika kwambiri ndi inayi imene idachokera m'kafukufuku wa DORA, wofufuza mmene magulu amatulutsira mapulogalamu, umene udatsogoleredwa ndi Nicole Forsgren, Jez Humble ndi Gene Kim: gulu limatulutsa kangati zosintha kwa ogwiritsa ntchito, pamatenga nthawi yaitali bwanji kuchokera pamene code yalembedwa kufikira pamene ikugwira ntchito, ndi zingati mwa zosinthazo zimene zimabweretsa vuto, ndipo vuto likachitika limakonzedwa m'nthawi yotani. Chimene kafukufukuyu adapeza n'chakuti magulu otulutsa zosintha zazing'ono pafupipafupi ndi omwenso amakhala ndi mapulogalamu okhazikika, kutanthauza kuti liwiro ndi ubwino sizilimbana monga ambiri amaganizira. Ndipo ntchito ikachedwa, kuwonjezera anthu sikuthandiza msanga, monga Fred Brooks adanenera mu 1975, chifukwa atsopano amafuna kuphunzitsidwa ndipo njira zolankhulirana zimachuluka: pakati pa anthu asanu zilipo 10, pakati pa anthu khumi zilipo 45.

Bungwe lofuna kuyamba lisayambe ndi kugula Jira kapena kusintha mayina a maudindo a anthu onse. Lisankhe gulu limodzi ndi ntchito imodzi yofunikadi koma yosaika bungwe lonse pachiswe, lipeze Product Owner weniweni, ndipo lisanasinthe kanthu lilembe kuti pakali pano pempho limatenga masiku angati kuchokera pamene lavomerezedwa kufikira pamene lafika kwa oligwiritsa ntchito. Kenako gululo liike ntchito zake zonse pa bolodi, lichepetse zoyambidwa, lilembe mayeso odziyendera okha poyambira pa mbali ya pulogalamu imene imathyokathyoka, ndipo masabata awiri aliwonse liike chinthu chogwira ntchito m'manja mwa munthu weniweni, kaya ndi kalaliki wa pakauntala kaya ndi ejenti wa mobile money wa ku Ndirande. Pakatha miyezi itatu, masiku aja awerengedwenso. Ngati achepa, gulu lachiwiri liyambe, ndipo anthu awiri a gulu loyamba apite kukalithandiza. Ngati sadachepe, bolodi lidzaonetsa pamene ntchito zikuunjikana, ndipo kawirikawiri pamakhala podikira chivomerezo cha munthu wina wa kunja kwa gulu, amene ayenera kuitanidwa ku retro yotsatira.